MWANA WAMERA PA FONI: TIYAMBE TAFUNSA

Makolo ambiri a ku Mauwa, monganso a m'midzi ina ya m'boma la Chiradzulu, ali ndi dandaulo limodzi masiku ano: mwana wamera pa foni. Kukacha ali pa Facebook, masana pa WhatsApp, ndipo usiku nyali itazima nkhope yake imaŵalabe mumdima. Ndalama ya sopo imathera kugula bandulo ya Airtel kapena TNM ndi kutchajitsa foniyo. Ambirife mankhwala amene timathamangira ndiwo kumulanda. Koma tiyambe tafunsa: n'chifukwa ninji mwa ana aŵiri a bere limodzi, wina amaika foni pansi akaitanidwa kumunda, pamene mnzake amachita ngati wadulidwa chala?

Funso limeneli akatswiri a za maganizo analifufuza. M'chaka cha 2012, Mayi Cecilie Andreassen ndi anzawo a pa Yunivesite ya Bergen, ku Norway, anakonza mafunso oyesera ngati munthu wasanduka kapolo wa Facebook. Sanaŵerenge maola ayi. Anafunsa ngati munthuyo amathaŵirako pofuna kuiŵala mavuto ake, ngati anayesapo kuchepetsa nalephera, ngati amasoŵa mtendere akaletsedwa, ndiponso ngati maphunziro kapena ntchito yake yayamba kuloŵa pansi. Anapeza kuti chibadwa cha munthu chili ndi mbali yake: amtima wankhaŵa ndi okonda macheza amakodwa msanga, pamene adongosolo pa zochita zawo sakodwa kaŵirikaŵiri. Mu 2017, atafunsa anthu oposa 23,000, anaonanso kuti vutoli limayendera limodzi ndi kudziona wopanda pake, ndiponso, chodabwitsa, ndi mtima wofuna kutamandidwa.

Apa ndi pamene tifuna tikhalitsepo. Mtsikana amene kunyumba amangomva kuti "ndiwe mbuli" chifukwa mayeso a Fomu 4 sanamuyendere bwino, akaika chithunzi chake pa Facebook anthu makumi aŵiri namuyamikira, wapeza chimene pakhomo chinasoŵa. Kukoma kwake sikukhalitsa. Maŵa ayenera kuika china. Kenaka aona msuweni wake wa ku Johannesburg ataima pafupi ndi galimoto yonyezimira, ndipo mtima umamuuza kuti iye yekha ndiye wotsalira. Chithunzicho sichinena kuti galimotoyo ndi ya bwana, kapena kuti msuweniyo amagona m'kachipinda kothithikana ndi anzake.

Nanga kusungulumwa kungabwere bwanji m'boma lodzaza anthu ngati lathuli? Kumabwera ndithu. Minda inachepa, kotero abambo ndi achimwene ambiri ali ku Limbe, ku Blantyre kapena ku Joni, ana atsala ndi agogo otopa. Namondwe wa Freddy, m'mwezi wa Malichi 2023, anabalalitsanso mabanja ena muno m'Chiradzulu. Nthano za pamoto ndi maseŵera a pabwalo mwezi ukaŵala zinazilala, ndipo palibe chinaloŵa m'malo mwake. Akulu anati kali kokha n'kanyama. Mwana angathe kukhala kanyama kotero ngakhale pa mphasa yodzaza abale, ngati palibe womufunsa za mumtima mwake.

Tisanamizane, foni nayonso imaonjeza nkhuni pamoto. Mu 2018, pa Yunivesite ya Pennsylvania ku America, mwa ophunzira 143 ena anauzidwa kuti kwa milungu itatu asapitirire mphindi 10 pa tsiku pa Facebook, mphindi 10 pa Instagram ndi 10 pa Snapchat. Kusungulumwa kwawo kunachepa poyerekeza ndi anzawo. Taonani kuti sanaŵalande mafoni; anangoŵaikira malire. Pakuti foni yomweyo ndi imene mwana amamverapo mawu a bambo ake ali ku Joni, ndipo kumulanda osaika kanthu m'malo mwake n'kumutsekera khomo lokhalo limene anali nalo.

Inu achinyamata, dziyeseni nokha ndi mafunso a ku Bergen aja. Mukaika foni pansi, kodi mtima umapepuka kapena umalemera kuposa poyamba?

Ndipo ife makolo, mwana wankhaŵa tisamuyese ndi muyeso wa mnzake wolimba mtima. Timufunse amene amacheza naye pa foniyo, timve mpaka amalize. Timupatse ntchito yoti aitche yakeyake, kaya ndi kadimba ka tomato, kaya nkhuku zake, kaya malo m'kwaya kapena m'timu ya mpira, ndipo akaichita bwino timuuze pamaso pa abale ake. Pa nthaŵi ya chakudya chamadzulo mafoni onse akhale m'lichero limodzi kufikira mbale zitatsukidwa. Tikati onse, tikunenanso ya bambo ndi ya mayi.