Bwanji Osapita ku Likoma?



Tikamakambirana za ulendo wa pa tchuthi, ambiri a ife timazengereza kutchula Likoma poti timati n'kwa Akhristu. N'zoona kuti pa Chipyela pali tchalitchi chachikulu cha Anglican cha St Peter's, chomwe anayamba kumanga mu 1903. Koma nyanja ndi zamoyo zake mwini wake ndi Allah, ndipo ana athu ayenera kuziona ndi maso, osangozimva ku madrasa.

Nyanja yathuyi sidzaza ndi kuphwera tsiku ndi tsiku monga ya mchere ku Beira. Madzi amakwera mvula ikamatha, cha mu Epulo ndi Meyi, n'kutsika pafupifupi mita imodzi pofika Disembala. Tikamulozera mwana mzere wa madzi pamiyala, amamvetsa msanga. Pansi pa miyala yomweyo pali mbuna zamawangamawanga, kumwamba kukulira nkhwazi, ndipo nkhungu zimatuluka m'madzi ngati utsi.

Ife ochokera kutali monga Mangochi ndi Salima, tikakwera Ilala timaloledwa kufupikitsa Swala ya rakaa zinayi kukhala ziwiri. Za ndiwo tisade nkhawa, usipa ndi utaka ndi halali. Kungoti tipewe Juni ndi Julayi, mwera umazunza agogo ndi makanda.