Joni wa pa Kanema ndi Joni Weniweni

Tikambiraneko za masewero a pa wailesi ya kanema amene timawatsatira madzulo aliwonse.

Sewero la Generations, lomwe Mfundi Vundla analiyambitsa pa SABC mu 1994, linationetsa Johannesburg wa maofesi owala, anthu a masuti ndi nyumba zopanda ngakhale kafumbi. M'sewerolo magetsi sathima, madzi sasiya, ndipo munthu wantchito wamba akugona m'nyumba yoti malipiro ake sangaikwanitse.

Zifukwa zake n'zodziwika. Sewero loonetsedwa masiku 5 pa sabata silingajambulidwe mumsewu tsiku lililonse. Zipinda zambiri zimamangidwa mu situdiyo, za makoma atatu okha, mbali yachinayi n'kusiyira makamera. Nawonso amalonda amafuna katundu wawo aonekere pa malo okongola.

Masewero ena anayesetsa kuyandikira moyo weniweni. Skeem Saam, ya mu 2011, inatitengera ku Turfloop ku Limpopo. Uzalo, ya mu 2015, inaika nkhani yake ku KwaMashu, ku Durban, kumene matakisi, tchalitchi ndi umbava zimakhalira limodzi. Komabe ngakhale kumeneko, simudzaona anthu asanu akupanikizana m'kachipinda kamodzi ka lendi, monga amachitira abale athu ambiri amene anapita ku Joni kukasaka ganyu.

Kusangalala ndi sewero si mlandu. Koma inu achinyamata amene mukulota zokwera basi ya ku Joni, musanagule tikiti, funsani kaye amene anabwerako za lendi, mapepala ndi ntchito.