Lamya ya m'nyumba ndi ya m'manja zikakhala chinthu chimodzi, apindule ndani?

M'chaka cha 2001 kampani ya BT ya ku Britain, itapanikizika ndi ngongole, inapatula nthambi yake ya mafoni a m'manja n'kuisiya kuti iziyenda payokha. Nthambi imeneyo ndi imene lero timaidziwa kuti O2. BT inatsala ndi nthambo zake za m'misewu ndi lamya za m'nyumba. Patapita zaka zoposa 14, mu Januwale 2016, BT yomweyo inagula EE, kampani yaikulu ya mafoni a m'manja m'dzikolo, pamtengo wa mapaundi 12.5 biliyoni, kubwerera pamsika umene inauthawa yokha. Nayo O2 mu 2021 inaphatikizana ndi Virgin Media, kampani ya nthambo za intaneti ndi kanema. Vodafone, imene inakula ndi mafoni a m'manja okha, inagula Kabel Deutschland ku Germany mu 2013 ndi Ono ku Spain mu 2014, onsewo makampani a nthambo.

Chimene akuthamangira onsewa n'chimodzi. Akufuna munthu aleke kusiyanitsa kuti iyi ndi lamya ya panyumba, iyi ndi ya m'thumba, iyi ndi intaneti ya ku ofesi. Nambala ikhale imodzi, bilu ikhale imodzi, ndipo nkhani imene mwayamba kukambirana muli pabalaza ipitirire osaduka mpaka mutafika pamsewu. Ine ndimaona kuti cholingachi n'chabwino ndipo tifikako ndithu, tifune tisafune. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti kuphatikiza kumeneku kuli ndi njira ziwiri, ina yopeputsira munthu moyo, ina yomumangirira ku kampani imodzi ndi nthambo imodzi, ndipo pamalonda a pawailesi zonse zimamveka chimodzimodzi.

Tiyambe ndi ubwino wake, chifukwa ulipo ndipo si wochepa. Taganizirani mayi wogwira ntchito yowerengera ndalama m'chipinda chapansi cha nyumba yosanja ku Limbe. Makoma ndi okhuthala, timizere ta netiweki pafoni yake timatsala kamodzi, ndipo foni ikalira amadzuka n'kuthamangira pakhonde akufuula kuti "dikirani ndituluke, mukudukaduka". Komatu pakhoma la ofesi yomweyo pali rauta yolumikizidwa ku nthambo ya faiba, yamphamvu bwino. Netiweki ziwirizi zikamamvana, foni ya mayiyu, ndi nambala yake yomweyo, imadutsira pa rauta ija. Luso limeneli amalitcha Wi-Fi Calling. Akatseka ofesi kukakwera minibasi, nsanja ya netiweki yapafupi imalandira kukambiranako, ndipo amene ali kumbali inayo sadziwa n'komwe kuti pasintha kanthu. BT inayesa zotere kalekale mu 2005 ndi malonda otchedwa BT Fusion, koma zinkafuna kugula foni yapadera, mitundu yake inali yochepa, ndipo anthu sanazikonde. Lero lusoli lili kale m'mafoni ambiri amakono, chatsala n'chakuti kampani ilitsegule.

Pali chinthu china chimene ambirife sitichiganizira. Foni ya m'manja imayenda mumphepo kamtunda kochepa chabe, kuchoka m'dzanja kukafika pansanja yapafupi. Kuchoka pamenepo mawu anu ndi mauthenga anu nthawi zambiri zimalowa m'nthambo, kapena zimalumpha kuchoka pansanja ina kupita pa inzake mpaka zitapeza nthambo. Zili ngati madzi a mumzinda wa Blantyre: mayi amatunga pampopi wa m'dera lake n'kusenza chidebe, koma madziwo abwera m'mapaipi akuluakulu kuchokera ku Walker's Ferry pamtsinje wa Shire, ndipo paipi yaikulu ikaphulika mipopi yonse imauma. Choncho netiweki ya m'manja ndi ya pansi zinakwatirana kale pansi panthaka. Makampani akungomaliza pamwamba zimene zinayamba kale pansi.

Kwathu kuno nkhaniyi ili ndi nkhope ina. Amalawi ambiri sanakhalepo ndi lamya ya m'nyumba. Amene akula pang'ono akukumbukira kuima pamzere pabyuro ya lamya, mwini wake akuyang'ana wotchi kuwerenga mphindi. TNM inayamba mu 1995 mogwirizana ndi Telekom Malaysia, Celtel inabwera mu 1999 n'kudzasanduka Zain kenako Airtel mu 2010, ndipo m'zaka zochepa foni inafika kumudzi kumene nthambo ya MTL sinafikeko. MTL yokhayo, imene inabadwa mu 2000 pamene boma linagawa pawiri bungwe la mapositi ndi lamya, inatsala ikulimbana ndi akuba nthambo za kopa, kwinaku manambala oyamba ndi 01 akutsalira m'maofesi a boma, m'mabanki ndi m'zipatala. Ndiye wina angafunse: tiphatikiza chiyani pamene mbali imodzi ili ngati kulibe?

Yankho n'lakuti "za pansi" masiku ano sizitanthauzanso lamya ya pathebulo. Zikutanthauza faiba. ESCOM inayendetsa nthambo za faiba pamizere yake ya magetsi, Open Connect Limited inatenga faiba imene inali ya MTL, ndipo makampani a mafoni a m'manja akumba zawonso. Mbali inayi, mabanja ambiri a m'tauni amene ali ndi intaneti ya panyumba amagwiritsa ntchito rauta yolowetsa simu khadi: kabokosi kokhala pa shelefu osasuntha, koma kolumikizidwa ku nsanja ya mafoni a m'manja. Kameneko n'ka pansi kapena n'ka m'manja? Lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016 linazindikira kuti malirewo afufutika, ndipo linapatsa MACRA mphamvu yopereka ziphaso potengera ntchito imene kampani ikugwira, osati mtundu wa luso limene ikugwiritsa ntchito. Khomo linatseguka kale.

Ndipo chuma chathu chikukankhira komweko. Zipangizo za netiweki zimagulidwa ndi madola, amene amasowa. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, kutanthauza kuti chitsulo chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo usiku umodzi. Nsanja zambiri zimadalira majenereta a dizilo magetsi akathima, ndipo dizilo amene timamugonera pamzere. M'dziko lotere, makampani atatu kukumba ngalande zitatu zoyandikana mumsewu umodzi wa ku Area 47, pamene sukulu ya sekondale ku Chitipa ilibe nthambo ngakhale imodzi, n'kuwononga. Mtengo wa kuwononga koteroko umakathera m'bandulo imene mwana wa sukulu amagula. Komanso nyumba ndi maofesi zikamatsitsira katundu wawo wolemera m'faiba, nsanja zimapepukidwa, ndipo amene alibe rauta naye amapindula madzulo pamene netiweki imadzaza.

Mpaka pano ndikugwirizana ndi ofuna kuphatikiza. Koma pa 8 Julaye 2022 dziko la Canada linaona mbali inayo. Kampani ya Rogers inkakonza zina ndi zina pakatikati pa netiweki yake, pamene pamadutsa mauthenga onse, ndipo cholakwika chimodzi chinagwetsa makina otsogolera mauthengawo. Popeza Rogers inali itaika mafoni a m'manja ndi intaneti ya nthambo pamtima umodzi, zonse zinazima nthawi imodzi. Makasitomala oposa 12 miliyoni anakhala opanda kulumikizana pafupifupi tsiku lonse, ena kupitirira. Njira yolipirira m'masitolo ya Interac inaima. Ena analephera kuimba 911, nambala yoitanira ambulansi ndi apolisi. Banja limene linamvera malonda n'kutenga zonse ku Rogers, foni, intaneti ndi kanema, linalibe pothawira, pamene oyandikana nawo amene anali ndi foni ya kampani ina ankatha kuimba. Pambuyo pake Rogers inalonjeza kulekanitsanso netiweki ya m'manja ndi ya nthambo, ndipo boma linauza makampani akuluakulu kuti asainirane pangano lothandizana pa ngozi, kuti foni ya kampani imene yagwa izitha kudutsira kwa inzake.

Nkhani ya Rogers imandikumbutsa nzeru imene Amalawi anaipeza okha popanda wowaphunzitsa. Onani foni ya wogulitsa tomato mumsika wa Lizulu: muli masimu awiri, wa 088 ndi wa 099. Onani kakhumbi ka wotumiza ndalama pasiteji: mbali ina yalembedwa Mpamba, mbali ina Airtel Money. Kwina kukavuta, amatembenukira kwinako. Zifukwa zake n'zamitengo komanso zakuti kuimba kampani ina kunali kodula, koma chotsatira chake n'chakuti munthu wamba ali ndi njira ziwiri. Malonda a "zonse pamodzi" amabwera kudzanena kuti tayani simu inayo, tikuchotserani mtengo. Ndipo choopsa kwambiri n'chimene sichioneka: masimu angakhale awiri m'foni, koma ngati makampani onse akubwereka nthambo imodzi yodutsa pamlatho umodzi, madzi osefukira akakokolola mlathowo, masimu onse amakhala zidutswa za pulasitiki. Ife amene tinaona zimene namondwe wa Freddy anachita ku misewu ndi milatho ya chigawo cha kummwera mu Malichi 2023 sitifunika kufotokozeredwa. Ngakhale kunja kwa malire athu vuto n'lomwelo: mu Meyi 2024 nthambo za pansi pa nyanja za EASSy ndi Seacom zitaduka, intaneti inavuta m'maiko a kummawa kwa Africa kuphatikizapo Malawi, dziko lopanda gombe limene limadalira njira zodutsa kwa anansi.

Pali nkhani ya magetsinso. Lamya yakale ya kopa inkalandira mphamvu kuchokera ku nyumba ya makina a kampani, choncho magetsi akathima panyumba inkagwirabe ntchito. Lamya yodutsa pa rauta imazima limodzi ndi babu. Ku Britain, kumene akuchotsa netiweki yakale ya lamya, chimphepo cha Arwen mu Novembala 2021 chinasiya midzi ina yopanda magetsi kwa masiku, ndipo anthu amene anali atasamutsidwira ku lamya zatsopano anapezeka opanda njira yoitanira thandizo, nsanja nazo zitazima. BT inaimitsa kaye ntchito yosamutsayo mu 2022, ndipo tsiku lotsekeratu netiweki yakale linasunthidwa kuchoka kumapeto kwa 2025 kupita mu Januwale 2027, makamaka poganizira okalamba amene amavala kabatani koitanira thandizo kolumikizidwa ku lamya. Ngati zotere zinagwedeza dziko limene magetsi sathimathima, kuli bwanji kuno, kumene namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anaononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka? Chipatala cha boma chimene chikusiya lamya yakale chiyenera kufunsa kaye kuti rauta ndi kabokosi ka faiba zikhala ndi batire ya maola angati.

Koma chimene ndimachiopa koposa ndi msika. Amene ali ndi nthambo ndiye amatchula mtengo kwa aliyense wofuna kudutsapo, ndipo ngati iye yemweyo akugulitsanso mafoni ndi mabandulo, ali ndi chifukwa chomveka chodulitsira opikisana naye. N'chifukwa chake ku Britain bungwe la Ofcom linaumiriza BT mpaka mu 2017 inavomera kuti Openreach, nthambi yosamala nthambo, ikhale kampani yoima payokha mwalamulo yotumikira onse mofanana. Ku South Africa, kampani ya mafoni a m'manja ya Vodacom inafuna kugula gawo la Maziv, mwini wa makampani a faiba a Vumatel ndi Dark Fibre Africa. Bwalo loona za mpikisano pamalonda linakana mu Okutobala 2024, ndipo nkhaniyi inadutsa mu 2025 kubwalo la apilo pokhapokha mfundo za mgwirizanowo zitasinthidwa. Kumeneko kuli makampani angapo amphamvu, koma anakokanabe zaka. Kuno msika wa mafoni a m'manja uli m'manja mwa makampani awiri, ndipo kwa zaka zambiri Press Corporation inali ndi masheya mu TNM ndi mu MTL momwe. Pamsika waung'ono chonchi, mgwirizano umodzi wokha ungathe kutseka khomo kwa makampani ang'onoang'ono a intaneti amene amatumikira masukulu ndi mabizinesi. Starlink, imene inayamba kugwira ntchito kuno mu 2023, yapereka njira ina yosadutsa pansi, koma mtengo wa zipangizo zake ndi wa mabungwe ndi anthu opezako bwino.

Ena anganene kuti ndikufuna zinthu ziwiri zotsutsana: kugawana nthambo kuti mtengo utsike, komanso njira ziwiri kuti tisazimire limodzi. N'zoona kuti zimakokana, ndipo njira yachiwiri imafuna ndalama. Koma sizitanthauza kukumba kawiri paliponse. M'misewu ya m'matauni ndi kumidzi, nthambo imodzi yogawana pamtengo wodziwika kwa onse ikukwanira. Pamsana pa dziko, kuyambira Karonga mpaka Nsanje ndi potulukira m'malire, m'pamene payenera kukhala njira zosachepera ziwiri zosadutsa pamlatho umodzi kapena pamzere umodzi wa magetsi. MACRA ili ndi mphamvu yofunsa kampani iliyonse mapu a nthambo zake n'kuona pamene zonse zakumana. Ingathenso kulamula kuti kampani yogulitsa zonse pamodzi izionetsa mtengo wa chilichonse pachokha, kuti munthu wofuna intaneti ya panyumba yokha asakakamizidwe kusintha simu, ndiponso kuti netiweki imodzi ikagwa, foni yoitanira ambulansi izidutsira pansanja ya kampani inayo monga anagwirizana ku Canada. Zimenezi n'zosavuta kulemba m'chiphaso makampani asanaphatikizane. Rogers inayamba kulekanitsa netiweki zake anthu atavutika kale, ndipo ntchitoyo inafuna ndalama zambiri ndi zaka.