Musanamizire Makina, Ŵ Alipo

Pali bodza limene likufala pakati pa ife alembi, lakuti kompyuta siidziŵa Chicheŵa. Wina akalemba Malawi m'malo mwa Malaŵi, kapena kudziwa m'malo mwa kudziŵa, ukamufunsa amangoloza makina. Ine ndikukana. Makina alibe mlandu, mlandu uli ndi ife.

Pamene Windows 10 idasiya kulandira chithandizo pa 14 Okutobala 2025, ambiri amene tili ndi makompyuta okalamba tidasamukira ku Ubuntu. Ine ndi mmodzi mwa iwo. Ndikaŵeruka ku ntchito yaboma kuno ku Mtakataka, nkhani zanga ndimalembera mu Vim, pulogalamu imene Bram Moolenaar adaitulutsa mu 1991. Ilibe zithunzi, ilibe mabatani okongola, ndi mdima chabe ndi zilembo. Koma ndi yopepuka, siilemetsa kompyuta yotopa.

Mlembi amene wangosamuka kumene amakumana ndi zinthu ziŵiri zomudabwitsa. Choyamba, kumathero kwa mizere kumamera kachizindikiro ka ^M. Si matsenga ayi. Windows imatseka mzere ndi zizindikiro ziŵiri zobisika pamene Linux imatseka ndi chimodzi, ndiye zikasakanikirana m'fayilo imodzi chotsalacho chimaonekera poyera. Kapulogalamu ka dos2unix kamasesa zonsezo nthaŵi imodzi.

Chachiŵiri ndicho chimandiŵaŵa mtima. Pamalo pa ŵ nthaŵi zina pamaoneka Åµ, ndipo apa mpamene anzathu amagonjera, nkuchotsa kachisoti konse m'buku lonse. Chikhalirecho fayiloyo ndi yabwinobwino. Idalembedwa m'kaundula wa zilembo wotchedwa UTF-8, koma ikuŵerengedwa ndi kaundula wakale wa ku Ulaya amene alibe ŵ. Mukaitsekulanso polemba :e ++enc=utf-8 chilembo chathu chimabwerera pamalo pake. Nanga kuchilemba? Dinani Ctrl ndi K pamodzi, kenaka w, kenaka >. Basi. Safunsa adadya phula.

Anthu a ku Wales nawonso ali ndi ŵ m'chiyankhulo chawo, ndipo amamulemba tsiku ndi tsiku m'mabuku ndi m'manyuzipepala. Kodi iwo adagula makompyuta a mtundu wina? Buku Loyera lidatuluka mu 1998 ŵ ali pamalo pake tsamba ndi tsamba, masiku amene intaneti tinkangoimva m'mphekesera.

Ndikudziŵa zimene ena adzayankha: achinyamata a m'tauni sakumutchulanso ŵ, ndiye timusungirenji? Funsoli ndi lomveka, ndipo akatswiri a ziyankhulo angathe kulikhalira pansi. Akadzagamula kuti chilembochi chipume, tidzakangana nawo pabwalo poyera, ndi zifukwa. Chimene sindilola ndi chakuti mlandu waukulu chotere uweruzidwe ndi ulesi wa zala zathu.

Ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher adayambitsa KuNgoni mu 1976, zigoba za gule wamkulu zimasungidwa m'nyumba ya Chamare, chilichonse ndi dzina lake. Palibe amene adachotsapo nyanga kapena ndevu ati chifukwa ndi zovuta kupukuta fumbi. Ife tokha, osunga mawu, ndi amene tikumeta chilembo chifukwa choopa kudina mabatani anayi.

Kwa akonzi a mabuku a bungwe lathu ndili ndi pempho. Mlembi akakutumizirani nkhani ili ndi Åµ, musaisandutse w wamba. Itsekuleni m'kaundula woyenera, ndipo zikakanika muimbireni foni mumufunse kuti adaisunga bwanji.