Mavoti a anyamata a ku Northwestern sadawerengedwe

Chaka chimene ndidasiya maphunziro a ku yunivesite chifukwa chosowa fizi, ndidatola pa kaunjika jezi ya pepo yolembedwa kuti Northwestern. Mkulu wina amene adakhalitsa ku Chicago ndiye adandiuza kuti ndavala jezi ya timu ya yunivesite ya ku Evanston, kufupi ndi mzindawo, ndipo mpira wake si wathu uno wa miyendo ayi, koma uja wa ku Amereka wosongoka ngati dzira, womwe anyamata amavala zipewa zolimba nkumagundana ngati nkhosa zamphongo. Kuyambira pomwepo ndakhala ndikuitsatira timuyi, ma Wildcats, pa intaneti. Abale athu amene mudakhalako kumeneko mukudziwa kuti Loweruka lililonse kuyambira September mpaka November mabwalo a masukuluwa amadzaza, ena ndi anthu oposa 100,000.

Funso langa ndi lakuti: kodi anyamata amene amadzazitsa mabwalowa ndi ana asukulu kapena antchito?

Kusaka osewera kumayambira ku sekondale. Makochi amaonera mafilimu a mwana, kumuimbira foni, mpaka kufika pakhomo kukanyengerera makolo, pomwe makampani monga Rivals ndi 247Sports amampatsa nyenyezi, wodziwa kwambiri zisanu, ngati akuika mtengo pa ng'ombe pamsika. Chomwe amalonjezedwa ndi sukulu yaulere, chakudya ndi pogona. Ine amene adandibweza pakhomo la kalasi chifukwa cha fizi sindinganyoze mphatso yotere. Akadandipatsa ndikadasaina osawerenga nkomwe.

Koma tamvani zimene zidaululika m'chaka cha 2014. Kain Colter, yemwe ankatsogolera masewero a timuyi pabwalo ndipo adali nawo pomwe idapambana Gator Bowl pa 1 January 2013, adatsogolera anzake kupempha kuti aloledwe kukhala ndi bungwe la apantchito. Nkhaniyi idapita ku National Labor Relations Board, bungwe la boma loona za apantchito, ndipo mkulu wake wa chigawo cha Chicago, Peter Sung Ohr, adaunika umboni wa mbali zonse. Adapeza kuti mwezi wa August, timu ikapita kukabindikira ku Kenosha, osewera ankathera maola 50 mpaka 60 pa sabata pa zampira, ndipo ligi ikayamba maola 40 mpaka 50. Si kuthamanga kokha ayi. Pali kunyamula zitsulo, kuonera mafilimu a timu yomwe akumane nayo, kuloweza buku la kaseweredwe, misonkhano ndi makochi, ndiponso maulendo. Wofuna kuchita lendi kunja kwa sukulu kapena kugwira ganyu ankayenera kupempha chilolezo, ndipo makochi ankayang'anira ngakhale zolemba zawo pa Facebook. Colter adanena kuti adafuna kuphunzira zaudokotala koma nthawi ya makalasi ake inkawombana ndi ya zokonzekera. Pakati pa 2003 ndi 2012 mpirawu udalowetsera yunivesiteyi ndalama pafupifupi $235 miliyoni.

Pa 26 March 2014 Ohr adagamula kuti anyamatawa ndi antchito. Pa 25 April chisankho chidachitika, osewera 76 ali ndi ufulu wovota ngati akufuna bungwe kapena ayi. Kochi wawo, Pat Fitzgerald, adali atawauza poyera kuti avote zokana. Yunivesite idachita apilo, mavoti adatsekeredwa, ndipo mu August 2015 akuluakulu a bungwe lija ku Washington adati iwo salowerera nkhaniyi, poti matimu ambiri a mpirawu ndi a masukulu a boma omwe bungwelo lilibe nawo mphamvu. Sadanene kuti anyamatawo si antchito. Adangosamba m'manja.

Alipo amene amati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, mwana adasaina yekha. Zoona, koma adasaina ali ndi zaka 17 kapena 18, kochi wamalipiro a mamiliyoni atakhala pampando wa bambo ake pabalaza. Ndipo mwa osewera 100 aliwonse, amene ligi ya NFL imawatenga safika ngakhale awiri. Otsalawo amabwerera kwawo ndi digiri ngati zidayenda, ena ndi bondo lophwanyika kapena mutu wogwedezeka.

Zinthu zasinthako, sindikukana. Mu June 2021 khoti lalikulu la Amereka, pa mlandu wa Alston, oweruza onse 9 adatsutsa NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'makoleji. Kuyambira July chaka chomwecho wosewera atha kulandira ndalama potsatsa malonda ndi dzina lake, ndipo tsopano atha kusamukira ku sukulu ina osadikira chaka chathunthu monga kale. Mu June 2025 woweruza Claudia Wilken adavomereza mgwirizano wa mlandu wa House: pafupifupi $2.8 biliyoni ya chipukutamisozi, ndiponso chilolezo chakuti sukulu iliyonse igawire osewera ake mpaka $20.5 miliyoni m'chaka choyamba. Ndalama nzambiri ndithu, ngakhale tisaiwale kuti ligi ya Big Ten, momwe muli Northwestern, idasaina mu 2022 mgwirizano wa pa wailesi ya kanema woposa $7 biliyoni.

Chimene chikundivuta nchakuti malire a ndalamawo adawakambirana ndi maloya ndi akuluakulu a masukulu. Bungwe la osewera padalibe. Nkhani za maola, za chithandizo cha ovulala akamaliza sukulu, za mphamvu za kochi pa moyo wa mwana, zomwe Colter adayambira, zikugamulidwabe ndi eni mpira okha. Ine ndikuti anyamatawa aloledwe kusankha owayankhulira, ndipo akavota, mavoti awerengedwe pamaso pawo. Mwina akadawerenga a 2014 aja tikadapeza kuti ambiri adamvera kochi nkukana bungwe. Ukadakhala ufulu wawo, ndipo ine ndikadavomereza.

Anyamata aja tsopano ndi abambo a m'makomo, ndipo zimene adasankha tsiku lija sizidalengezedwe.