Liwiro lili ndi malo ake

Ndife anthu atatu a ku Zambia amene tigwira nchito ku Johannesburg, ndipo tili ndi motoka imodzi ya mpikisano, Volkswagen Golf yakale imene tinagula mosonkherana. Kangapo pa caka timaikokera ku Zwartkops, bwalo la mpikisano wa mamotoka pafupi ndi Pretoria. Kuzungulira kamodzi ndi makilomita 2.4 cabe. Palibe amene amatilipira. Timapikisana ndi anzathu a m'makalabu, ena ndi amakanika, ena aphunzitsi, ena agogo a imvi. Timasinthana kuyendetsa, ndipo Lolemba aliyense abwerera ku nchito yake.

Tisanapite kumeneko tinali kudziona ngati akatswiri. Tonse tinayendetsapo usiku kucokera ku Lusaka kupita ku Chipata, tikupitirira mathiraki, tikudzitama ndi maola amene tatenga. Bwalo linaticotsa matama tsiku loyamba. Mayi wina wacikulire, motoka yake yocepa mphamvu kuposa yathu, anali kutisiya ndi masekondi angapo pa kuzungulira kulikonse. Ife tinali kufika pa kona tikali kuponda moto, n'kuponda mabuleki mocedwa, matayala n'kumalira. Iwo anali kulowa pa kona mwaulesi n'kutulukapo mwaliwiro. Masana asanakwane mabuleki athu anatentha mpaka mafuta ake anawira, phazi linangomira pansi, motoka n'kukaima m'miyala ya m'mbali. Tinabwerera kunyumba ndi manyazi, koma amoyo, cifukwa pamalo paja anathirapo miyala dala kuti wolakwitsa aimirepo.

Apa ndi pamene pagona nkhani yathu. Pa bwalo, munthu saloledwa kungofika n'kuthamanga. Ufunika laisensi ya mpikisano, imene ku South Africa imaperekedwa ndi Motorsport South Africa. M'mawa oyang'anira amaiona motoka yonse: zitsulo zocinjiriza woyendetsa ikagubuduzika, malamba a pa mpando, cozimitsira moto, cisoti ndi zovala zosagwira moto msanga. Pa makona pamaima anthu a mbendera, ambiri ongodzipereka. Yacikasu ikakwezedwa ndiye kuti kutsogolo kuli ngozi, ucepetse liwiro ndipo usapitirire mnzako. Yabuluu ikuuza kuti waliwiro kuposa iwe ali kumbuyo. Yofiira iimitsa mpikisano wonse. Ambulansi imakhala pomwepo, onse ayenda kulowera kumodzi, ndipo palibe mwana wodutsa msewu kapena njinga ya makala yopanda nyali.

Tsono tikamva za anyamata othamangitsana usiku m'misewu ya mu Lusaka, sitiwacha akatswiri. Amene athamanga pa Great East Road sadziwa ngati ndi wodziwa kuyendetsa kapena ndi wamwai cabe, cifukwa palibe woci imene imuuza zoona. Akalakwitsa, wolipira ndi munthu amene sanavomere kulowa nawo mpikisano. Koma sitikhulupiriranso kuti kuwakalipira kokha kudzawasintha. Cilakolako ca liwiro ticidziwa, tili naco ifenso. Cofunika ndi kucipatsa malo.

Ena adzati awa ndi masewera a anthu olemera. Sitikana kuti amadya ndalama. Matayala, mabuleki, petulo ndi ndalama yolembetsera zimatipweteka m'thumba, ndipo pali miyezi imene motoka imangokhala pa majeki cifukwa lendi ndi sukulu ya ana zili patsogolo. Koma ambiri amene tipikisana nawo alibe cuma ca dzaoneni. Motoka zawo n'zakale, amazikonza okha madzulo, ndipo mnzako akathyola citsulo umamubwereka cako ngakhale kuti akakupitirira naco. Ndalama zimene mnyamata amataya pa marimu onyezimira ndi ekizozi yaphokoso zingamugulire cisoti ndi masiku angapo ophunzira pa bwalo.

Kwathu masewera a mamotoka si acilendo. Satwant Singh anapambana mpikisano wa rally wa mu Africa yonse maulendo 8, ndipo anansi athu a ku Zimbabwe ali ndi mabwalo awo, Donnybrook ku Harare ndi lina ku Bulawayo. Pempho lathu kwa makalabu, a mabizinesi ndi makhonsolo ndi lakuti acinyamata apatsidwe malo otsekedwa, masiku odziwika ndi mtengo umene makanika wa ku Kalingalinga angakwanitse, pakhale aphunzitsi ndi ambulansi. Kwa makolo, mwana wanu akakonda liwiro, ndi bwino mum'perekeze kumene kuli malamulo kusiyana ndi kuti mukam'zindikire ku cipatala.

Akulu anati kuthamanga si kufika. Ife tinaumvetsa mwambiwu titakhala m'miyala muja, utsi ukutuluka ku mawilo. Kucokera tsiku limenelo, pa msewu wa anthu onse timayenda mofatsa, ndipo wofuna kutipitirira timamupatsa njira.