Dzuŵa Nalo Liyezedwe Ngati Mvula

Alimi anzanga, ambiri a inu mukufunsa za makina a sola. Ena mukufuna kupopa madzi a kunazale ndi kudimba, ena kuunikira m'chigafa posankha fodya. Maganizo ameneŵa ndi abwino, koma musanatenge ngongole yambani mwadziŵa kuti dzuŵa la kwanuko limaŵala bwanji mwezi ndi mwezi.

Mwina mukuti dzuŵa ndi limodzi. Inde, koma siliŵala mofanana. Mlimi wa ku Thyolo kapena ku Mulanje amachidziŵa chiperoni cha mu Juni ndi Julayi, pamene pamatha masiku angapo dzuŵa osaoneka. Mnzake wa ku Salima zotere sizimvuta kwenikweni. Kuchigwa cha Shire dzuŵa limaswa mtengo, komatu magalasi a sola amagwira kuŵala, osati kutentha, ndipo akatentha kwambiri mphamvu yake imatsikako. Fumbi ndi utsi wa moto wa m'tchire nazo zimadya mphamvu.

Onani m'mene amachitira eni ndalama. Kuyambira 2016 mpaka 2018, ndi chithandizo cha World Bank, zipangizo zoyezera dzuŵa zinagwira ntchito ku Chileka, Kasungu ndi Mzuzu. Mu 2021 ku Salima kunatsegulidwa malo opangira magetsi a dzuŵa a mamegawati 60, ndipo mu 2022 ena a mamegawati 20 ku Golomoti, okhala ndi mabatire. Ngati anthu otere amayamba ayeza, nanga ife amene ngongole yathu ibwezedwa ndi mbewu ya chaka chimodzi?

Wa pampu ali ndi mwayi, pakuti mu Seputembala ndi Okutobala, nthaŵi yothirira nazale, kumwamba kumakhala mbee. Wa nyale za m'chigafa ndiye achenjere. Ntchito yake imagwa mitambo ya dzinja isanathe, tsono afunika magalasi oonjezera ndi batire lokwanira. Wogulitsa akamakuonetsani katundu masana dzuŵa lili paliombo, mufunseni kuti katunduyo adzakupatsani chiani m'mwezi wa mitambo. Akalephera kuyankha, sungani ndalama zanu, mukaonane ndi mlangizi wa m'dera lanu.

Poika magalasiwo apenye kumpoto, kutali ndi mthunzi wa mitengo, ndipo muziwapukuta fumbi kaŵirikaŵiri. Inu matenanti, musanasonkhe tambala iliyonse, gwirizanani ndi mwini esiteti, ndipo zilembedwe, kuti makinawo adzakhala a yani tsiku limene mudzasamuke.